Kuganiza Mokweza ndi Anthu Asanu: Kuunika Njira za Jakob Nielsen Zoyesera Makina

Buku la Jakob Nielsen lotchedwa Usability Engineering linatuluka m'chaka cha 1993, ndipo ngakhale papita zaka zoposa makumi atatu, akatswiri ambiri okonza mapulogalamu a makompyuta ndi mafoni akutsatirabe chiphunzitso chake. Chiphunzitsocho n'chosavuta kumva. Munthu amene afuna kudziwa ngati chipangizo chake chili chophweka kugwiritsa ntchito asadalire maganizo a amene anachipanga. Aitane munthu wamba, ampatse ntchito yoti achite nacho, iye n'kukhala pambali kuona pamene munthuyo akupunthwa. Owerenga ena adzadabwa kupeza nkhani ya makina m'masamba a zilankhulo. Koma kuyesa kumeneku kumachitika ndi mawu: woyesa amalankhula, woyesedwa amayankha, ndipo zolembedwa za kukambirana kwawo ndizo zimasanduka umboni. Tikuona kuti bukuli, pamodzi ndi ambiri olitsatira, silinaganizire mokwanira kuti kulankhula kuli ndi malamulo ake amene amasiyana malinga ndi anthu.

Tiyambe ndi nkhani ya chiwerengero, popeza ndiyo yotchuka. M'chaka chomwecho cha 1993, Nielsen ndi Thomas Landauer anaonetsa mwa masamu kuti munthu mmodzi woyesedwa amaulula pafupifupi magawo 31 pa 100 a zovuta zonse zimene zili m'pulogalamu. Wachiwiri amabwereza zina zimene woyamba anapeza n'kuonjezapo zatsopano, kotero awiri amafika pa 52, atatu pa 67, ndipo asanu amayandikira 85. M'chaka cha 2000 Nielsen analemba nkhani yaifupi yonena kuti anthu asanu ndi okwanira, ndipo mawuwo anafalikira ngati lamulo. Masamuwo ndi olondola, koma aima pa ganizo lakuti woyesedwa aliyense ali ndi mwayi wofanana wogwera pa vuto lililonse. Laura Faulkner mu 2003 anayesa anthu 60, kenaka n'kumatengapo magulu a asanuasanu mwachisawawa: magulu ena anapeza magawo 99 a zovutazo, ena 55 okha. Magulu a anthu khumi sanatsike pansi pa 80, ndipo a anthu makumi awiri sanatsike pansi pa 95. Tisamunamizire Nielsen, pakuti iye mwini anachenjeza kuti ngati ogwiritsa ntchito ali m'magulu osiyana kwambiri, gulu lililonse liyesedwe palokha. Chenjezoli ndilo limaiwalika. M'dziko ngati Zambia, mmene boma limazindikira zilankhulo zisanu ndi ziwiri za m'zigawo pambali pa Chingerezi, mmenenso luso la kuwerenga limasiyana kwambiri pakati pa ophunzira ndi osaphunzira, anthu asanu otengedwa pa ofesi imodzi ya mu Lusaka sangaimire mayi wogulitsa nyemba ku Katete.

Komabe nkhani ya chiwerengero ndi yaing'ono poyerekeza ndi njira imene Nielsen anaiyamikira koposa zonse, yomwe tingaitche kuganiza mokweza. Woyesedwa amapemphedwa kuti pamene akugwira ntchito azinena chilichonse chimene chikubwera m'mutu mwake. Njirayi inachokera ku maphunziro a maganizo a munthu, makamaka kwa K. Anders Ericsson ndi Herbert Simon, amene buku lawo Protocol Analysis linatuluka mu 1984, ndipo Clayton Lewis anali atailowetsa kale m'ntchito yokonza mapulogalamu ku IBM mu 1982. Ericsson ndi Simon anaika malire okhwima. Iwo anati mawu a munthu ndi umboni wodalirika pokhapokha ngati akungotchula zimene zili kale m'maganizo mwake panthawiyo. Akayamba kufotokoza zifukwa kapena kudziikira kumbuyo, kaganizidwe kake kamasintha. Motero woyesa sayenera kucheza naye, ndipo akaona kuti watonthola amangomukumbutsa mwachidule kuti apitirize kulankhula.

Apa ndipo wophunzira chilankhulo ayenera kuima. M'Chingerezi chikumbutso chimenechi chingathe kuoneka ngati chopanda mwini, chifukwa mneni wolamula wa Chingerezi sasonyeza ulemu kapena msinkhu. M'Chinyanja mulibe pobisala. Woyesa ayenera kusankha pakati pa "pitiriza" ndi "pitirizani", ndipo akangosankha wanena kale kuti iye ndani ndipo winayo ndani. Mnyamata wa pa yunivesite amene akuyesa mayi wa msinkhu wa amayi ake sangakhale kumbuyo kwawo ali chete n'kumangoponya lamulo la mawu amodzi. Adzati "Amayi, mungapitirize kulankhula", ndipo mayiwo adzamva kuti mwana akuwafunsa kanthu, n'kutembenuka kuti amuyankhe. Kuyambira pamenepo sakuganizanso mokweza, akucheza. Tionjezepo kuti kwathu kuno munthu wamkulu wodzilankhulira yekha pamaso pa mlendo amaganiziridwa kuti wasokonezeka mutu kapena wapanikizika ndi nkhawa, choncho chimene njirayi imapempha ndi khalidwe limene anthu anaphunzitsidwa kulipewa. Ted Boren ndi Judith Ramey mu 2000 anaona kuti ngakhale akatswiri a ku America satsata malamulo a Ericsson ndi Simon pa ntchito yawo, ndipo analangiza kuti kuyesaku kuvomerezedwe monga kukambirana kwa anthu awiri, mmene womvera amapereka timawu tosonyeza kuti akumva. Tikugwirizana nawo, koma timawu timeneti nato tili ndi katundu. "Eya", "inde" ndi "chabwino" amasonyeza kumva, komanso amamveka ngati kuvomereza, ndipo woyesedwa amene wadina batani lolakwika akamva "chabwino" adzapitiriza ulendo wake wosokera ndi mtima wokhazikika.

Palinso funso limene bukuli silifunsa n'komwe: munthu aganize mokweza m'chilankhulo chiti? Mawu a pa foni ali m'Chingerezi, maganizo ali m'Chinyanja cha m'tauni chosakanikirana ndi Chibemba, ndipo lipoti lidzalembedwa m'Chingerezi. Akakakamizidwa kulankhula Chingerezi ndiye kuti akumasulira, zomwe ndi ntchito ina pamwamba pa imene wapatsidwa. Kafukufuku wa Heejung Kim wa mu 2002 anaonetsanso kuti kulankhula pamene ukuthetsa vuto kunasokoneza ophunzira a ku America ochokera ku mabanja a kum'mawa kwa Asia, pamene anzawo ochokera ku mabanja a ku Ulaya sikunawasokoneze. Ganizo lakuti kuganiza ndi kulankhula zimayendera limodzi mwa anthu onse linagwedezeka pamenepo.

Nkhani ya ulemu ili ndi umboni womveka wochokera ku India. Mu 2012 Nicola Dell ndi anzake anaonetsa anthu a mumzinda wa Bangalore, ambiri mwa iwo oyendetsa njinga zamoto zamatayala atatu zonyamula anthu, mapulogalamu awiri oonetsa kanema amene anali ofanana ndendende, koma wofunsa ankanena kuti imodzi anapanga ndi iye. Anthuwo anasankha ya wofunsayo kawiri ndi theka kuposa inayo, ndipo pamene wofunsa anali mlendo wakunja wolankhula kudzera mwa womasulira, kukonderako kunafika kasanu. Sitinganene kuti anthuwo ananama. Anachita chimene munthu woleredwa bwino amachita mlendo akamuonetsa ntchito ya manja ake. Mphunzitsi aliyense amene anafunsapo kalasi kuti "Mwamva?" n'kulandira "Inde" wamphamvu, mawa lake n'kupeza zolemba zonse zili zolakwika, akudziwa mtundu wa umboni umenewu. Apala Lahiri Chavan anayesa kuthana ndi vutoli pokuta ntchito yoyesera m'nkhani yokokomeza yonga ya mafilimu a Bollywood: woyesedwa ayenera kugula matikiti a ulendo mwamsanga kuti akaletse ukwati wa mdzukulu wake ndi mwamuna wachinyengo, ndipo chifukwa cha changu amayamba kudandaula poyera za chilichonse chomuchedwetsa. Nzeruyo ndi yabwino, ngakhale tikukayika ngati kungoikapo nthano za Kalulu m'malo mwa Bollywood kungabale zomwezo. Chimene chinagwira ntchito ndi chilolezo chodzudzula chimene anthu a ku India ali nacho pokamba za mafilimu.

Mafunso olembedwa nawo sapulumuka. Otchuka kwambiri ndi a System Usability Scale, amene John Brooke anakonza mu 1986 ku kampani ya Digital Equipment Corporation n'kuwasindikiza mu 1996. Ndi ziganizo khumi, zoyamikira ndi zodzudzula mosinthanasinthana, ndipo woyankha amasankha chimodzi mwa masitepe asanu kuyambira pa kukana kotheratu mpaka pa kuvomera kotheratu. Kraig Finstad mu 2006 anapeza kuti anthu amene Chingerezi si chilankhulo chawo chobadwa nacho ankakodwa pa liwu lakuti cumbersome m'chiganizo chachisanu ndi chitatu. Koma womasulira m'Chinyanja amakumana ndi msampha wobisika kuposa uwo. Akalemba sitepe lotsiriza la kukana kuti "sindikugwirizana nazo kwambiri", wowerenga adzamva kuti kugwirizana kulipo koma n'kochepa, chifukwa "si-" amagwira "kwambiri" osati mneni yekha. Kukana kwamphamvu kwasanduka kukana kofooka, ndipo masitepe asokonekera. Chofunika ndi "sindikugwirizana nazo m'pang'ono pomwe". Ndipo mafunsowo akawerengedwa pakamwa kwa osadziwa kuwerenga, pamabukanso nkhani ya "inde": munthu wofunsidwa kuti "Simunavutike?" amayankha "Inde" kutanthauza kuti sanavutike, pamene wolemba lipoti woganiza m'Chingerezi angalembe zosiyana. Zonsezi zimalowa m'nambala imodzi ya pakati pa 0 ndi 100 imene imaoneka yoyera ngati yopimidwa pa sikelo.

Tisamveke ngati tikutaya njirazi. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kuona munthu weniweni akulimbana ndi chipangizo kumaposa kutali kungoganizira uli mu ofesi. Chimene tikutsutsa ndi chithunzi cha munthu mmodzi wokhala yekha ndi makina ake. Nithya Sambasivan ndi anzake mu 2010 anafotokoza mmene anthu osauka a ku Bangalore amagwiritsira ntchito zipangizo kudzera mwa anthu ena, ndipo aliyense woima pafupi ndi kanyumba kotumizira ndalama pa foni ku Chipata adzaona zomwezo: gogo amapereka foni kwa mdzukulu kapena kwa wogwira ntchito m'kanyumbamo, ndipo ena amaloweza manambala oti adine motsatana osawerenga liwu lililonse. Woloweza chotereyu adzakhoza mayeso mwachangu, koma tsiku limene mndandanda wa zosankha udzasinthidwe ndalama zake zingapite kolakwika.

M'buku lomwelo Nielsen anatchula mwachidule njira ina imene tikuona kuti ikanayenera malo aakulu: kuika anthu awiri pa chipangizo chimodzi kuti azithandizana, woyesa n'kumamvera zimene akuuzana. Apa kulankhula kuli ndi womvera weniweni ndipo kumachitika m'chilankhulo chimene awiriwo asankha okha. Koma kusankha awiriwo kumafuna munthu wodziwa chibale cha anthu. Asuweni, kapena Mngoni ndi Mbemba amene ali pa chimbuya, adzasekana ndi kudzudzula chipangizocho mopanda mantha. Mkamwini akaikidwa pa mpando umodzi ndi apongozi ake aakazi, makina ojambulira mawu adzangojambula kutsokomola.