Scobie Pamaso pa Bambo Rank

M'buku la Graham Greene lotchedwa The Heart of the Matter, la mu 1948, gawo lomwe ndimabwerezabwereza ndi pomwe Scobie, wachiwiri kwa mkulu wa apolisi m'dziko lina la kuzambwe kwa Africa, akugwada kuti alape chigololo chake ndi Helen, mayi wamasiye wachitsikana. Bambo Rank akufuna lonjezo lakuti aleke. Scobie akulephera kulonjeza poti chikumbumtima chake chikumuuza kuti kumutaya mayiyo n'kulakwa koposa chigololocho. Akutuluka osakhululukidwa.

Ena amamutama kuti sananame. Ine ndimakayika. Munthu yemweyu akukalandira Ukaristia pa Misa pofuna kuphimba m'maso mkazi wake Louise, kenaka akudzipha monamizira nthenda ya mtima. Chikumbumtima chanji choopa kunamiza wansembe koma chonamiza mkazi wa m'nyumba? Chomwe iye akuchitcha chifundo, kwa ine n'kudzikuza: akuyesa kuti popanda iye akazi awiriwa sangapirire.

Komabe Greene sakuikira kumbuyo Bambo Rank. Wansembeyo ndi wotopa, akungotchula lamulo monga analiphunzirira, ndipo nkhawa ya Scobie pa Helen sakuifukula n'komwe.