Buku la Yona: Nsomba ndi Msatsi

Inu amene mwangophunzira kumene kuwerenga m'sukulu za kwacha kuno ku Misesa, mukafuna buku la m'Baibulo loti muyambirepo, tsegulani buku la Yona. Lili ndi mitu 4 yokha, ndime zake ndi 48, ndipo munthu angalitsirize madzulo amodzi nyali isanathe mafuta. M'chinenero chathu lipezeka m'Buku Lopatulika, limene a William Murray a ku Nkhoma ndi anzawo anamasulira, nilisindikizidwa mu 1922, ndiponso m'Buku Loyera la mu 1998, la mawu apafupi.

Ambiri akamva dzina la Yona akumbukira chinsomba chimene chinam'meza masiku atatu. Ine ndiyesa kuti nsombayo yatiphimba m'maso, pakuti mlembi anaitchula m'ndime zitatu zokha.

Taonani umo anaikira anthu ake. Mulungu atuma Yona kum'mawa, ku Nineve, mudzi waukulu wa Asuri, adani ankhanza a Israele. Iye atsikira ku Yopa, nakwera chombo cha ku Tarisi, kumadzulo. Namondwe atauka, amalinyero achikunja apemphera, mneneri ali m'tulo m'kati mwa chombo. Ndipo iwowa ayesetsa kupalasira kumtunda asanam'ponye m'nyanja. Ku Nineve ulaliki wake uli waufupi ndi wouma, wongonena za masiku 40 otsala, koma mfumu itsika pampando, nivala chiguduli, ndi zoweta zomwe zisala kudya. Mphepo imvera, nsomba imvera, ngakhale mbozi imvera. Wokanika ndi mneneri yekha.

Pali zimene sizindikhutitsa. Kulapa kwa Nineve kwalembedwa mothamanga, kotero kuti sitimva liwu la munthu wamba ndi mmodzi yemwe, koma lamulo la mfumu lokha. Pemphero la m'mutu 2 nalonso, ngakhale ndi lokoma, ndi la chiyamiko chabe. Yona satchulamo kulakwa kwake konse. Kale ndinkati mlembi anaphonya pamenepa. Tsopano ndiganiza kuti anachita dala, chifukwa Yona anamvera ulendo wachiwiri ndi miyendo yokha, mtima uli pomwe unali.

Mutu 4 ndiwo uyenera kuwerengedwa pang'onopang'ono. Mulungu atakhululukira mudzi, Yona apsa mtima, naulula kuti chimene anathawira poyamba ndicho kudziwa kuti Mulungu ndi wachifundo. Akhala kunja kwa mudzi, alindira moto. Pamenepo Mulungu ameretsa msatsi, ngati umene umera wokha kudzala kuseri kwa nyumba zathu, kuti um'chitire mthunzi. M'mawa mwake mbozi iudya, dzuwa limuomba pamutu, ndipo mneneri amene sanamvere chisoni mudzi wonse afuna kufa chifukwa cha kamtengo.

Mkwiyo umenewu ndiudziwa. Chaka china, pasukulu ina, mnyamata anaba ndalama za mpira, ndipo ine ndinalengeza pamaso pa ana onse kuti achotsedwa. Patapita masiku awiri anabwera ndi amalume ake, nabweza ndalamazo, napepesa misozi ili mbwembwembwe. A komiti anam'khululukira. Ine ndinakhala sabata yathunthu wosam'lankhula, ngakhale ndalama zinali zitabwera zonse. Chimene chinandiwawa chinali chakuti mawu anga a mphunzitsi wamkulu anagwa pansi ana akuona.

Mabwinja a Nineve alipo mpaka lero pafupi ndi Mosul m'dziko la Iraq, pakuti mudziwo unapasulidwa m'chaka cha 612 Khristu asanabadwe. Koma bukuli silifika kumeneko. Lithera pa funso la Mulungu, lofunsa ngati sikuyenera kuchitira chifundo anthu osazindikira oposa 120,000 ndi zoweta zawo zambiri. Mukatembenuza tsamba kufuna yankho la Yona, mupeza kuti layamba buku la Mika.