Chigoba cha Bwana ndi Chofunda cha Mmphawi

Ku California, m'dziko la America, kuli anthu odzitcha Chicano. Makolo awo ena anachokera ku Mexico kudzafuna ntchito. Ena anali komweko kale pamene America inatenga dzikolo pa nkhondo imene inatha mu 1848. Ambiri ndi akatolika, ndipo kwa zaka zambiri manja awo ndiwo anali kuthyola mphesa za m'minda ya anthu olemera. Pa zonse zimene anthuwa alemba ndi kusewera, ife tasankha kuyesa masewero awiri a gulu limodzi la zisudzo, El Teatro Campesino, ndiye kuti zisudzo za antchito a m'minda.

Gululi linabadwira m'mavuto. Mu September 1965 antchito ochokera ku Philippines ananyanyala ntchito m'minda ya mphesa ku Delano, ndipo patapita sabata imodzi anzawo a Chicano, motsogozedwa ndi Cesar Chavez ndi Dolores Huerta, anagwirizana nawo. Mnyamata wina, Luis Valdez, wobadwira ku Delano komweko mu 1940, anabwerako ku sukulu za ukachenjede nayamba kuchita masewero ndi onyanyalawo. Nyumba ya zisudzo analibe. Anali kusewera pamwamba pa lole, m'mphepete mwa munda. Aliyense anali kukoleka chikwangwani m'khosi chonena kuti iye ndi yani: bwana, kapitawo, kapena wolowa ntchito ya anzake. Timasewero tatifupi timeneti anatitcha actos.

Limene likumbukidwa koposa ndi Las Dos Caras del Patroncito, nkhope ziwiri za bwana. Mwini munda alowa atavala chigoba cha nkhumba, ndudu yaikulu ili kukamwa. Ayamba kudandaula pamaso pa wantchito wake kuti chuma ndi mtolo wolemera, kuti mmphawi ndiye wodala popeza agona m'nyumba yaulere ndi kukwera galimoto laulere. Nsanje yabodzayo imkulira, mpaka apempha kuti asinthane pang'ono. Avula chigoba, ndipo taonani, nkhope yake njofanana ndi ya wantchitoyo. Wantchito avala chigoba, nayamba kulamula ndi kulanda. Mlonda wa bwana yemweyo, posamzindikira mbuye wake, amkoka ngati wakuba, iye akukuwa kuti bungwe la antchito limthandize.

Nzeru ya seweroli yagona pa chigobacho. Wolemba waulesi akadati bwana ndi nkhumba, basi, anthu nkuseka nkumapita. Koma pano tiona kuti unkhumbawo ngwovala, ndipo umkwana aliyense. Mmphawi atauvala sanachedwe kukhala wankhanza. Chimpulumutsa nchakuti pomaliza auvula mwa kufuna kwake, nakana munda ndi nyumba, nasunga nduduyo yokha. Anthu anjala amene anali kuonerera anasekadi bwana, komanso anachenjezedwa za mtima wawo womwe, ndipo kuchenjeza munthu amene uli naye mbali imodzi kufuna kulimba mtima kuposa kunyoza mdani.

Tisawakometse mopitirira. Masewero ena a nthawiyo, mukawawerenga m'buku lero, ngouma ngati chimanga cha chaka chatha. Analembedwera usiku umodzi, kuti munthu wotopa asabwerere ku munda mmawa mwake. Sitalaka itatha, mchere wake unasukuluka. Valdez anaona zimenezi msanga. Mu 1967 gululi linapatukana ndi bungwe la antchito, ndipo mu 1971 linakhazikika m'tauni yaing'ono ya San Juan Bautista. Za kutchuka kwake pambuyo pake, monga sewero la Zoot Suit limene linafika ku Broadway mu 1979, ena anena kale zambiri.

Ife chitikoka ndi sewero limene gululi linachita kwa zaka zambiri pa nyengo ya Khrisimasi m'tchalitchi chakale cha mishoni ya m'taunimo, mosinthana chaka ndi chaka ndi sewero la abusa a ku Betelehemu. Dzina lake ndi La Virgen del Tepeyac. Nkhani yake enanu muidziwa. Mu December 1531, patangopita zaka 10 Asipanya atagonjetsa mzinda wa Mexico, Amayi Maria anaonekera Juan Diego, mwini dziko wosauka, pa phiri la Tepeyac, namtuma kwa Ambuye Episkopi Zumárraga kuti amange tchalitchi pamenepo. Antchito a pakhomo anamdikiritsa, Episkopi anafuna chizindikiro, ndipo iye anabwera ndi maluwa m'chofunda chake pa nyengo yopanda maluwa. Atachifunyulula, chithunzi cha Amayi chinaoneka pa nsaluyo. Papa Yohane Paulo II anamlengeza woyera mu 2002.

Ena adzati apa ochita zisudzo anatopa ndi nkhondo nathawira ku mapemphero. Sitivomereza. Kale mu 1966, pamene onyanyala anayenda pansi kuchoka ku Delano kukafika ku Sacramento pa tsiku la Pasaka, patsogolo pawo panali mbendera ya Amayi a ku Guadalupe omwewa. Ndipo mukayang'anitsitsa, fupa la masewero awiriwa ndi limodzi: munthu wonyozeka aima pamaso pa wamkulu, ndipo maudindo atembenuka. Kusiyana kwake ndiko kutipangitsa kunena kuti lachiwiri lipambana. Bwana wa mphesa atuluka akukokedwa, mtima wake uli chikhalire. Episkopi alibe chigoba. Ndi munthu wokayika, wochenjera monga udindo wake ufunira, ndipo pomaliza agwada pamaso pa chofunda cha munthu amene anamkayikira. Ng'oma, magule ndi chilankhulo cha Nahuatl, zimene atsamunda anaziyesa zachabe, zinadzaza nyumba ya Mulungu.

Dandaulo lilipo, ndipo lichokera mkati. Mu 1994 Yolanda Broyles-González analemba buku losonyeza kuti masewero ambiri anapekedwa ndi gulu lonse, ngakhale ulemu unagwera munthu mmodzi, ndiponso kuti akazi anali kupatsidwa mbali zopapatiza: mayi, namwali kapena mkazi wachiwerewere. Ena mwa iwo anakonda kusewera Imfa kapena Satana kuti apume. Nzomvetsa chisoni kuti gulu lokweza Mkazi pamwamba pa phiri linachedwa kumvera akazi amene linali kudya nawo mbale imodzi.

Malo osewerawo nawonso ali ndi mawu ake. Mishoni ya San Juan Bautista inatsegulidwa mu 1797, ndipo njerwa zake zinaumbidwa ndi eni dzikolo, makamaka a mtundu wa Mutsun. Zikwi za iwo zinaikidwa m'manda amene ali pambali pa khoma la tchalitchicho, mapazi owerengeka kuchokera pamene Juan Diego wa m'sewero anali kufunyulula chofunda chake.