Osunga Chinsinsi cha Mfumu: Kuunika Mabuku Awiri a Mbiri ya Angonde

Aliyense wofuna kudziwa mbiri ya ufumu wa Angonde, anthu a m'chigwa cha Karonga kuchokera ku mtsinje wa Songwe mpaka kubzola Mwenilondo, sangalambalale mabuku awiri. Loyamba ndi *The Constitution of Ngonde* la Godfrey Wilson, limene bungwe la Rhodes-Livingstone Institute linasindikiza m'chaka cha 1939. Lachiwiri ndi *A History of the Ngonde Kingdom of Malawi* la Owen Kalinga, mwana wa dziko lino, limene linatuluka mu 1985. Onsewa ndi mabuku aphindu, ndipo tikuwayamikira ndi mtima wonse. Komabe tawawerenga tili ndi funso limodzi looneka ngati lachabe: kodi ankamphikira Kyungu ndani, nanga ankamtungira madzi ndi kumsonkhera moto ndani?

Wilson akutifotokozera kuti kale Kyungu, mfumu yaikulu ya Angonde, ankakhala mobisika pa phiri la Mbande, kumadzulo kwa tauni ya Karonga, ndipo anthu wamba sankamuona. Moyo wake unali womangika ku moyo wa dziko, kotero kuti thanzi lake linkatanthauza mvula, zokolola ndi kuswana kwa ng'ombe. Akadwala kwambiri, nduna zake zotchedwa makambala zinkambanikitsa mpaka kufa, poopa kuti mphamvu ya dziko ingafooke pamodzi ndi thupi lake. Kalinga, amene anayenda m'midzi kumvera akuluakulu osunga mbiri, akuika chiyambi cha ufumuwu cha m'ma 1600, ndipo sakhutira ndi maganizo akuti malonda a minyanga ya njovu ndiwo anaukweza. Pa mkangano umenewu ife tikuona kuti mfundo za Kalinga nzolemera, chifukwa iye anafunsa eni nkhani m'malo modalira zolemba za alendo zokha.

Chotidandaulitsa nchakuti m'mabuku onse awiri maso a olemba ali pa Kyungu, pa makambala ndi pa mafumu a m'madera. Zimenezi nzomveka, popeza Wilson ankafufuza malamulo a ufumu, ndipo Kalinga ankalondola mzere wa olowa ufumu. Koma tiyeni tilingalire bwino. Mfumu yobisika siingadzilimire, siingapite kumtsinje, siingadzifunire mankhwala. Kubisika kwake kunatheka chifukwa panali anthu ena amene ankaiona tsiku ndi tsiku ikudya, ikutsokomola, ikukalamba, iwo nakhala chete. Tsono ngati matenda a Kyungu ankabweretsa imfa yake, ndiye kuti wantchito woyamba kuona kuti mfumu yasiya chakudya m'mbale anali atanyamula moyo wa mfumuyo pa lilime lake. Akanena, mfumu yapita. Akabisa, waika dziko pangozi monga mwa chikhulupiriro cha nthawiyo. Munthu wotere sitingamuyese wapambali m'mbiri ya ufumu. Akulu anati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndipo antchito a ku Mbande ankagona pafupi ndi mphenziyo usiku uliwonse.

Kuti tione kukula kwa chimene chatayika, nkofunika kuyang'ana ku bwalo lina la ufumu kumene maina a antchito analembedwa. Ku Russia, mwana wamwamuna mmodzi yekha wa mfumu Nicholas II, dzina lake Alexei, anabadwa mu 1904 ndi nthenda yoti akavulala magazi sankaleka msanga kutuluka. Banja lachifumu linabisa nthendayi kwa anthu a m'dzikomo, poopa kuti angataye chikhulupiriro mwa wolowa ufumu. Osunga chinsinsi anali madokotala ndi antchito a m'nyumba, monga Klementy Nagorny, msilikali wa pamadzi amene ankanyamula mwanayo akalephera kuyenda. Ufumu utagwa mu 1917, ambiri aulemu wao anabalalika, koma antchito ena anasankha kutsata banjalo mpaka ku ukaidi. Nagorny anachotsedwa nakaphedwa mu 1918. Usiku wa pa 16 kuchezera 17 Julaye chaka chomwecho, m'nyumba ya Ipatiev mu mzinda wa Yekaterinburg, anthu 11 anaphedwa: mfumu, mkazi wake Alexandra, ana ao asanu, ndi antchito anayi. Anayiwo anali dokotala Eugene Botkin, mdzakazi Anna Demidova, wophika Ivan Kharitonov, ndi mnyamata wa m'nyumba Alexei Trupp, bambo wachikulire amene anali Mkatolika.

Ngakhale kumeneko, kumene maina akudziwika, kulemekeza wantchito kunavuta. Mpingo wa Orthodox wa anthu a ku Russia okhala kunja kwa dziko lao unaika banja lachifumu m'gulu la oyera mu 1981 pamodzi ndi antchito ake, osasiya ngakhale Trupp wa mpingo wina. Mu 1998 mafupa a antchito anayiwo anaikidwa pamodzi ndi a mfumu m'tchalitchi cha Petro ndi Paulo Oyera ku St Petersburg. Koma pamene Mpingo wa ku Moscow unalengeza za kuyera kwa banjali m'chaka cha 2000, antchito anatsalira, ndipo Botkin yekha ndiye anaonjezedwa mu 2016. Anafera m'chipinda chimodzi, pa ola limodzi, koma wophika ndi mdzakazi anayesedwa ndi muyeso wina. Sitikufuna kuweruza abale athu a mpingowo. Tikungoonetsa kuti chizolowezi choona mfumu ndi kuiwala womphikira nchozika mizu ponseponse.

Ife a kuno ku Africa tili ndi chitsanzo chotiphunzitsa mbali ina ya nkhaniyi. Amartiri a ku Uganda, amene Papa Paulo VI anawaika m'gulu la oyera pa 18 Okutobala 1964, ambiri mwa iwo anali anyamata otumikira ku bwalo la Kabaka Mwanga II. Joseph Mukasa Balikuddembe, woyang'anira nyumba ya mfumu, anaphedwa pa 15 Novembala 1885 atadzudzula mbuye wake pa imfa ya Bishopu James Hannington wa mpingo wa Anglican. Charles Lwanga ndi anzake anatenthedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886 chifukwa chokana zofuna za mfumu. A ku Yekaterinburg anafa chifukwa chokana kusiya mbuye wao. A ku Namugongo anafa chifukwa chokana kummvera pa zoipa. Nkhani zonse ziwiri zikutsimikiza kuti wantchito wa mfumu ali ndi chikumbumtima chakechake, ndipo amasankha. Wolemba mbiri amene amuona ngati chiwiya cha m'nyumba walakwitsa pa za mbiri, walakwitsanso pa za umunthu.

Wina angatiyankhe kuti osunga mbiri a pakamwa amaloweza maina a mafumu okha, tsono olemba athu sakadachitira mwina. Yankholi lili ndi choona chake, koma silikwanira. Marcia Wright, m'buku lake la 1993 lotchedwa *Strategies of Slaves and Women*, anasonkhanitsa mbiri za anthu otsika a m'dera la pakati pa nyanja ya Malaŵi ndi ya Tanganyika, monga amai Narwimba, Chisi ndi Meli, naonetsa kuti mau a akapolo ndi a akazi amapezeka ngati wofufuza awafunadi. Zimene munthu amva zimatsata funso limene wafunsa, ndi khomo limene waodira.

Nchifukwa chake tikupempha kuti mabuku a Wilson ndi Kalinga awerengedwe m'seminale zathu, koma awerengedwe ngati ntchito yofunika kupitirizidwa. Aseminale ochokera ku Mwenilondo, ku Mpata ndi m'midzi yozungulira Mbande, pa nthawi ya tchuthi akhale pansi ndi agogo, makamaka amai okalamba, awafunse za mabanja amene ankatumikira ku bwalo la Kyungu, za m'mene ankasankhidwira, ndi ngati anali ndi ufulu wochoka. Ndipo ife ansembe, amene timadya zophika ena ndi kuvala zochapa ena, tidzifunse ngati m'mabuku a mbiri ya maparishi athu muli dzina la wophika ngakhale mmodzi.