Zithunzi za Ukwati wa Kumudzi: Eni Mudzi Ali Kuti?

Masiku ano akwati ena a m'tauni amakonda kukachitira ukwati wawo kutali, monga m'minda ya tiyi ku Thyolo kapena m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi. Ojambula zithunzi za maukwati oterewa ayenera kuyamikiridwa pa chinthu chimodzi: analeka kufoletsa anthu ngati asilikali. Mkwatibwi amamujambula akuseka, nsapato zili m'manja, dzuwa litapendeka. Pamenepo luso lilipo ndithu.

Komabe tikaziyang'anitsitsa zithunzizi, tiona kuti mudzi wasanduka chokongoletsera chabe. Tiyi akuoneka wobiriwira, koma wothyola tiyiyo mulibe. Amayi amene analawirira mbandakucha kukatunga madzi ndi kuvundula nsima m'miphika ikuluikulu, wojambula anawafulatira, mwina pothawa utsi. Chodandaulitsa koposa ndi cha ankhoswe. Iwowa ndiwo adzathamange usiku kukayanjanitsa banjali zinthu zikadzavuta, koma kawirikawiri amangooneka kamodzi, chakumapeto, nkhope itabisika kuseri kwa maluwa. Ana obadwa m'banjamo akadzaona zithunzizo adzadziwa kasokedwe ka diresi la mayi awo, koma podzafunsa kuti, "Nanga amalume amene anamanga ukwatiwu ndi ati?" padzasowa pololoza.