Kodi a Jerry Sloan Tiwaweruze Bwanji?

Pa 10 February 2011, mkulu wina wa zaka 68 anakhala pamaso pa atolankhani mumzinda wa Salt Lake City ku America, misozi ikulengeza m'maso, nanena kuti watula pansi udindo. Mkuluyo anali a Jerry Sloan, mphunzitsi wa timu ya basketball ya Utah Jazz. Nchitoyo anaiyamba mu December 1988, ndipo pa zaka zonse zimene anakhala pa mpandowo, matimu ena a mu NBA anacotsa ndi kulemba aphunzitsi nthawi zoposa 200. Iwo anali pomwepo. Koma cikho ca NBA sanacinyamulepo, ndipo mphotho ya mphunzitsi wopambana pa caka sanailandirepo ngakhale kamodzi.

Ndikudziwa mmene inu acinyamata mumathetsera mikangano ya zamasewera. Wina amangofunsa kuti, "Ali ndi zikho zingati?" Akatero nkhani yatha. A Phil Jackson ali nazo 11 monga mphunzitsi, a Sloan alibe. Ine muyeso umenewu ndimaukana. Koma sindigwirizananso ndi okonda a Sloan amene amati cimene cinawalepheretsa ndi Michael Jordan cabe. Tiyeni tiione bwino nkhaniyi.

A Sloan anabadwa mu 1942 ku mafamu a kufupi ndi McLeansboro, m'cigawo ca Illinois. Anali cisiriziro m'banja la ana khumi, ndipo atate ao anamwalira iwo ali ndi zaka zinai. Anakula akugwira nchito ya kumunda asanapite kusukulu. Atakhala wosewera wa Chicago Bulls kuyambira mu 1966, sanachuke ndi kuponya mokongola ai, koma ndi kuchinga mwaukali ndi kudziponya pansi polimbirana mpira. Nambala 4 imene anali kubvala inakhala yoyamba kupacikidwa ndi timuyo kuti wina asadzaibvalenso. Mu 1977 anabvomera kukaphunzitsa timu ya sukulu yao yakale ya Evansville, koma patangopita masiku ocepa anasintha maganizo. Mu December caka comweco ndege imene inanyamula timuyo inagwa, ndipo osewera anafa pamodzi ndi mphunzitsi amene analowa m'malo mwao. Anaphunzitsako Bulls kuyambira mu 1979, nacotsedwa nchito mu 1982. Uyu ndiye munthu amene anatenga udindo ku Utah kucokera kwa a Frank Layden: wosakonda zoseka pa nchito, wodziwa kuti mpando sukhala wa munthu mmodzi mpaka kale.

Nanga anaphunzitsa ciani? Kunena zoona, cinthu cimodzi, ndipo mungathe kuciyesa pa bwalo la pasukulu panu mawa lomwe. John Stockton ali ndi mpira. Karl Malone, cimunthu ca thupi ngati thanthwe, abwera naima nji pa njira ya amene akuchinga Stockton. Stockton adutsa mokhudzana ndi phewa la Malone, womuchinga uja natsalira. Tsono amene anali kuchinga Malone ayenera kusankha. Akathamangira Stockton, Malone atembenuka kulunjika ku basiketi ndipo mpira umupeza ali yekha. Akakakamira Malone, Stockton aponya. Acingerezi amacicha pick and roll. A Sloan sindiwo anaciyamba, ndipo mdani aliyense anali kudziwa kuti cikubwera. Koma cinali kucitika bwino lomwe, usiku uliwonse, caka ndi caka, cifukwa osewera ena atatu aja nao anali kuthamanga kumene anauzidwa, pa nthawi imene anauzidwa. Wopanda mwambo anali kukhala pa benchi, kaya akhale ndi luso lotani.

Zipatso zake nzosabisika. Ndi Jazz yokha anapambana masewera 1,127 a m'kati mwa nyengo, ndipo mukaphatikiza ndi a ku Chicago akwana 1,221. Kuyambira mu 1989 kufikira mu 2003 timu yao sinaphonye mpikisano wa kumapeto kwa nyengo wolimbirana cikho. Kumbukirani kuti Salt Lake City ndi mzinda waung'ono poyerekeza ndi Los Angeles kapena New York, ndipo akatswiri ambiri sanali kufuna kukakhalako. Komabe ulemu wonse usapite kwa munthu mmodzi. Stockton anatengedwa mu 1984 ndipo Malone mu 1985, a Sloan asanakhale mkulu wa aphunzitsi. Ndiponso mwini timu, a Larry Miller, anali kuima kumbuyo kwao ngakhale zinthu zitabvuta. Osewera anali kudziwa kuti ukakangana ndi kochi, amene adzalongedza katundu ndiwe. Aphunzitsi ambiri abwino sanakhalepo ndi bwana wotere.

Tsono tifike pa Jordan. Jazz inafika mu fainali kawiri, mu 1997 ndi mu 1998, ndipo kawiri konseko inagonja kwa Bulls ndi masewera 4 kwa 2. Mu 1997 ndingawakhululukire. Masewera atatu mwa anai amene anagonja anathera pa masekondi omaliza. M'masewera oyamba Malone anaphonya mipira iwiri yoponya popanda womuchinga, Jordan nagoletsa nthawi ikutha. M'masewera acisanu Jordan anasewera akudwala koma anagoletsa mapointi 38. Pamenepo mphunzitsi angacite ciani?

Koma 1998 ndi nkhani ina. Caka cimeneco Jazz inali itapambana masewera 62, inali itasesa Los Angeles Lakers ya Shaquille O'Neal 4 kwa 0, inali itapumula mokwanira, ndipo inayambira fainali pakhomo. Bulls inali yotopa. Koma m'masewera acitatu Jazz inagoletsa mapointi 54 cabe, Bulls 96. Timu ya mphunzitsi wamkulu siyenera kusowa cocita motero. Ndipo yang'anani mphindi yomaliza ya masewera acisanu ndi cimodzi. Stockton aponya ali patali, Jazz itsogola 86 kwa 83. Jordan agoletsa mwamsanga, itsala 86 kwa 85. Jazz ili ndi mpira, ndipo bwalo lonse likudziwa kumene mpirawo ukupita: kwa Malone, pafupi ndi basiketi, monga mwa masiku onse. Jordan nayenso anadziwa. M'malo motsatira Jeff Hornacek amene anali kumuchinga, anatsalira kumbuyo kwa Malone naumenya mpirawo kuucotsa m'manja mwake. Zotsatira zake munaziona pa zithunzi: Bryon Russell akuterereka, Jordan akuponya kutatsala masekondi asanu, 87 kwa 86. Anthu amakangana mpaka lero ngati Jordan anamukankha Russell. Ine cimene cimandikhudza ndi kubedwa kwa mpira kuja. Njira imene inawafikitsa mu fainali ndi yomweyo imene Jordan anaiwerenga ngati kalata yotsegula.

Ndipo amene amati Jordan yekha ndiye anali copinga, afotokoze za 1999. Jordan anali atapuma, Bulls itabalalika. Nyengo inali yaifupi, ya masewera 50, cifukwa ca mkangano wa malipiro pakati pa eni matimu ndi osewera. Jazz inapambana 37, Malone nasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse kaciwiri. Khomo linali lotseguka. Koma inapulumukira mkamwa mwa mbuzi kwa Sacramento m'ndime yoyamba, kenaka Portland inaitulutsa. Nzoona kuti masewera anali othithikana ndipo miyendo ya Stockton, wa zaka 37, inali italema. Koma kusamala miyendo ya okalamba ndi kukonzekeretsa ana oti awapumuze ndi nchito ya mphunzitsi. Onjezani 1995, pamene anapambana masewera 60 koma Houston inawatulutsa m'ndime yoyamba, ndi 2001, pamene anatsogola 2 kwa 0 kwa Dallas nagonja masewera atatu otsatizana. M'zaka zimenezi sanakumane ndi Jordan.

Mwina mukuganiza kuti ndawatsutsa kotheratu. Iai. Ngati mufuna kuona ukatswiri wa a Sloan, musayang'ane zaka za fainali. Yang'anani nyengo ya 2003 kufika 2004. Stockton anali atapuma, Malone atapita ku Lakers. Otsala anali Andrei Kirilenko wa ku Russia, Carlos Arroyo, Raja Bell ndi ena amene maina ao sanali kuopsa aliyense. Olemba nkhani ambiri analosera kuti timuyi idzakhala kumcira kwenikweni. Inapambana masewera 42 nigonja 40, ndipo inaphonya mpikisano wa cikho ndi masewera amodzi okha. Anacita izi akazi ao, mai Bobbye, akudwala khansa imene inawatenga mu June 2004. Mphotho ya mphunzitsi wa caka inapita kwa a Hubie Brown a ku Memphis. Sindiwanyoza a Brown, koma oponya mavoti analakwitsa. Caka cimeneco cinayankha funso lakuti kodi ndi Stockton ndi Malone amene anali kuwanyamula. Patapita nyengo imodzi yoipa, ya masewera 26 okha opambana, anamanganso timu ina pa Deron Williams ndi Carlos Boozer, ndipo mu 2007 inatsala ndime imodzi kuti ifike mu fainali. Kumanga nyumba kawiri pa malo amodzi ndi anthu osiyana si mwai.

Za ukali wao sindibisa. Pakamwa pao panali kutuluka mau amene sitingawalembe m'magazini ino. Mu 2003 analetsedwa kuphunzitsa masewera asanu ndi awiri cifukwa cokankha woimbira. Osewera atsopano anali kuwasunga pa benchi nthawi yaitali, ndipo kuponya kwa patali kwa mapointi atatu sanali kukukonda kwenikweni, pamene masewerawa anali kulowera komweko. Mu 2007 Kirilenko, yemwe uja anawanyamula mu 2004, analira pamaso pa atolankhani cifukwa cosowa malo ake m'timu. Stockton ndi Malone anali kulandira kukalipa monga mankhwala. Si mwana aliyense amene amakula ndi mkwapulo, ndipo sindikhulupirira kuti a Sloan anali ndi njira yaciwiri yolankhulira ndi ana otere.

Apa ndipo pabwera usiku womaliza. Pa 9 February 2011 Jazz inagonja pakhomo 91 kwa 86. Kwa yani? Kwa Bulls yomwe ija, imene tsopano inali ndi Boozer, Kyle Korver ndi Ronnie Brewer, onse ana ao akale. Pa nthawi yopumula a Sloan anakangana kwambiri ndi Williams m'cipinda cobvalira pa nkhani ya kasewero. Masewera atatha anadzitsekera ndi akuluakulu a timu, ndipo m'mawa mwake anacoka, pamodzi ndi wowathandiza wao wa zaka zambiri, a Phil Johnson. Iwo anati mphamvu zawathera, osati kuti wina wawathamangitsa. Williams nayenso anakana kuti ndiye anawacotsa. Dziwani kuti masiku ocepa m'mbuyomo anali atangobvomera kupitiriza nchito caka cina, ndiponso kuti a Larry Miller anali atamwalira mu 2009.

Kodi anacita bwino? Ndalimbana nalo funsoli. Munthu amene kwa zaka 22 anali kuuza anyamata kuti usasiye nchito isanathe, anasiya nchito pakati pa nyengo, timu itapambana masewera 31 nigonja 23. A Tyrone Corbin analandira katundu ali wosakonzeka, Williams anagulitsidwa ku New Jersey Nets pasanathe masabata awiri, ndipo Jazz inamaliza ndi 39 kwa 43, kunja kwa mpikisano wa cikho. Ili ndi banga, ndipo ndiliwerenga. Akanapirira miyezi iwiri. Komabe ndimvetsa cimene cinawacotsa. Kaphunzitsidwe kao konse kanaima pa mwendo umodzi: kochi akanena, wosewera acite. Tsiku limene wosewera wamkulu wa timu anayamba kusankha yekha zocita m'bwalo, panalibenso coti a Sloan aphunzitse. Ena akanakhalabe, kumalandira malipiro uku akunamizira kuti akulamula. Iwo sanathe.

Cotero ine ndiwaika pansi pa a Jackson ndi a Gregg Popovich, amene anadziwa kusintha kasewero osewera ndi nthawi zikasintha. Popovich, amene anapitirira ciwerengero cao ca kupambana ndi timu imodzi mu 2017, anatenga zikho zisanu ku San Antonio, mzinda umene nawonso si waukulu, motero cifukwa ca kucepa kwa mzinda sicikwanira. Koma ndiwaika pamwamba pa aphunzitsi angapo amene ali ndi cikho cimodzi, amene anapeza timu yakupsa kale nacotsedwa patapita zaka ziwiri. A NBA nao anaona motero. Mu 2009 a Sloan analowetsedwa mu Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a masewerawa, tsiku limodzi ndi Stockton ndi Jordan yemwe, ndipo mu 2022 anaikidwa pa mndandanda wa aphunzitsi 15 opambana m'mbiri ya NBA.

Mu January 2014 Jazz inapacika nsalu kudenga kwa bwalo lake yolembedwa 1223, ciwerengero ca masewera onse amene anapambana ndi timuyo kuphatikizapo a mpikisano wa cikho. Mu 2016 a Sloan anaulula kuti akudwala matenda a Parkinson ndi ena oiwalitsa. Mu 2018 Williams, atasiya kale kusewera mu NBA, anapita kukaonana nao nawapepesa. Anamwalira pa 22 May 2020 ali ndi zaka 78.