Sulwe: Buku Labwino, Koma Ana Onyoza Aja Apita Kuti?

Ambili timamudziwa Lupita Nyong'o cifukwa ca mafilimu. Anatenga Oscar mu 2014 pa filimu ya 12 Years a Slave, ndipo mu Black Panther ndiye Nakia uja. Koma mu 2019 anatulutsanso buku la ana lochedwa Sulwe, ndipo zithunzi zake anajambula ndi Vashti Harrison. Ndi limodzi mwa mabuku amene aphunzitsi amawelengela ana pofuna kuwaphunzitsa kuti anthu ndi osiyanasiyana. Ine ndikuti liwelengedwe m'makalasi athu, koma mphunzitsi adziwe pamene bukuli lalekeza.

Nkhani yake ndi yaifupi. Sulwe ndi kamtsikana kakuda kupambana onse a m'banja mwake. Mlongo wake Mich ndi woyelako, ndipo kusukulu anzake amamupatsa maina okoma, pamene Sulwe amamuitana maina omuseka. Mwanayo ayesa kufufuta khungu lake ndi cofufutila ca pensulo, adzola zodzola za amai ake, adya zakudya zoyela cabe, mpaka apemphela kuti Mulungu amusinthe. Kukaca, khungu lili cimodzimodzi. Amai ake amukumbutsa kuti dzina lake m'cinenelo ca Luo ca ku Kenya litanthauza nyenyezi. Usiku umenewo nyenyezi ibwela kudzamutenga ndi kumusimbila nthano ya alongo awili, Usana ndi Usiku.

Mbali yoyambayi ndiye mtima wa bukuli. Amene anakulila mu komboni sadzafunsa kuti cofufutila cija citanthauza ciani. Timadziwa mwana amene anzake amamuchula kuti malasha, ndipo timadziwa mafuta oyeletsa khungu amene akulu amagula m'misika. Lupita sanabise kuti zimenezi zimayamba mwana akali wamng'ono, ndiponso kuti onyoza ndi anthu akuda anzake. Harrison nayenso wagwila nchito yabwino. Khungu la Sulwe walipatsa kuwala kwakekwake, ndipo masamba a usiku, odzala ndi nyenyezi, ndiwo okongola maningi m'buku lonse. Mwana amene sanadziwe kuwelenga Cizungu angamve zambili poyang'ana zithunzi cabe.

Vuto langa lili kumapeto. Mu nthano ija, anthu amatamanda Usana ndi kunyoza Usiku. Usiku akwiya nacoka. Dzuwa likana kulowa, anthu asowa pogona ndi popumula, mpaka Usana apita kukafuna mlongo wake. Apa onyoza alawa zowawa za mau ao, ndipo Usiku akabwelela amulandila mwaulemu. Manje bwelelani kusukulu kwa Sulwe. Mwana adzuka m'mawa ali wokondwa, wadzilandila mmene alili. Nanga ana aja amene anali kumuseka? Sitiona wina akupepesa, sitiona mphunzitsi akuwadzudzula. Wosintha ndi wonyozedwa yekha, ngati kuti mlandu unali wake.

Ena adzati ndi buku la ana ang'ono, silingasenze zonse. Ndivomela. Kwa mwana amene awelenga ali yekha kunyumba, mapeto amenewa akwana, cifukwa amupatsa mphamvu. Koma m'kalasi muli wonyozedwa ndi onyoza pamodzi, ndipo onyoza ndiwo ambili. Mphunzitsi akatseka buku ndi kunena kuti aliyense adzikonde, ana onse adzatembenuka kuyang'ana mnzao wakuda uja, ndipo pa nthawi yopuma dzina lake latsopano lidzakhala Sulwe. Phunzilo lofuna kuthetsa kunyoza lingabale dzina lina lomunyozela.

Mu 1990, mphunzitsi wa ku America, Rudine Sims Bishop, anayelekeza mabuku a ana ndi kalilole ndiponso windo: mwana wina adziona yekha m'buku, wina aonelamo moyo wa mnzake. Sulwe ndi kalilole wabwino kwa mwana wakuda. Koma mwana wonyoza nayenso alimo m'bukuli, ndipo afunika kudzionamo. Imeneyo ndi nchito ya mphunzitsi. Afunse kalasi kuti: mu nthano ija anthu anasintha liti? Ndani anayamba kupatsa Sulwe maina? Amene anamva nangokhala cete, anali mbali ya ndani? Kenaka ana alembe kapena ajambule tsamba limene Lupita sanalembe, la tsiku limene Sulwe abwelela kusukulu ndi kukumana ndi amene anali kumuseka.

Mafunso amenewa agwilanso nchito kupitilila pa khungu. Kalasi ya mu Lusaka ili ndi mwana amene kunyumba akamba Citonga, wina Cilozi, wina Cibemba, wina ndi mwalubino. Aliyense wa iwo angakhale Sulwe tsiku lina. Liwelengeni bukuli, ndipo mukafika patsamba lomaliza, musafulumile kulitseka.